Puteal

Puteal ndi liwu lakale la Chilatini lotanthauza kakhoma kamene Aroma ankamanga mozungulira pakamwa pa chitsime. Kakhomaka kankakhala ka mwala kapena ka dongo lootcha, ndipo kawirikawiri kankalekeza pakati pa mawondo ndi chiuno cha munthu wamkulu. Ntchito yake inali kutchinjiriza anthu ndi ziweto kuti asagwere m'chitsime, komanso kutsekereza zinyalala ndi madzi othamanga a mvula kuti asaipitse madzi akumwa. Tikhoma timeneti tikakhala tambiri, m'Chilatini amati putealia.

Liwuli silinathere pachitsime pokha. Aroma ankatchulanso puteal mpanda wamwala umene ankazinga nawo malo amene pagwa mphezi, ngakhale pansi pake panalibe madzi. Umodzi mwa mipanda yotere unali pabwalo lalikulu la mzinda wa Roma, pafupi ndi pamene ankazengera milandu ya ndalama, ndipo chifukwa cha umenewo liwuli linafika potanthauza malo a ngongole ndi akatapira. Matanthauzo atatuwa amakumana pa mfundo imodzi: puteal inkaonetsa malo amene phazi la munthu siliyenera kupondapo mwachisawawa.

Chiyambi cha liwuli

Puteal inachokera ku liwu lakuti puteus, limene m'Chilatini limatanthauza chitsime kapena dzenje lokumbidwa ndi anthu. Aroma ankasiyanitsa puteus ndi fons, amene ndi kasupe wotumphuka yekha. Mathero akuti -al amapezeka m'mayina ena a malo ndi zomangamanga, monga tribunal, nsanja imene woweruza ankakhalapo. Motero puteal, m'tanthauzo lake loyamba, ndi chinthu cha pachitsime. Agiriki anali ndi liwu lawo la chinthu chomwechi, peristomion, kutanthauza chozungulira pakamwa.

Liwu la puteus lidakalipo m'zinenero zambiri za ku Ulaya, ngakhale linasintha kamvekedwe. M'Chitaliyana chitsime ndi pozzo, m'Chisipanishi pozo, m'Chifalansa puits, ndipo m'Chipwitikizi poço, liwu limene limamvekanso ku Mozambique. Chidatchi ndi Chiafrikaans zimati put. Ngakhale liwu la Chingerezi lakuti pit, lotanthauza dzenje, linabwerekedwa kalekale kuchokera ku puteus. Mzinda wa Pozzuoli, pafupi ndi Naples, kale unkatchedwa Puteoli, dzina limene ambiri amalimasulira kuti tizitsime. Kumeneku ndi kumene mtumwi Paulo anatsikira m'chombo pa ulendo wake wopita ku Roma, monga mmene buku la Machitidwe limafotokozera m'mutu 28.

Maonekedwe ndi ntchito yake pakhomo

Mzinda wa Roma unakhala zaka mazana angapo wopanda ngalande zobweretsa madzi kuchokera kutali. Frontinus, amene anaikidwa kukhala woyang'anira madzi a mzindawu mu 97 AD, analemba kuti kwa zaka 441 Aroma ankadalira mtsinje wa Tiber, zitsime ndi akasupe. Ngalande yoyamba, Aqua Appia, inamangidwa mu 312 BC. Ngakhale ngalande zitachuluka, si nyumba iliyonse imene inali ndi mpope wakewake, ndipo kumidzi chitsime chinakhalabe chofunika monga kale.

Kukumba chitsime inali ntchito yoika moyo pachiswe. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa m'nthawi ya mfumu Augustus, anachenjeza za mpweya woipa umene umapha okumba pansi pa dzenje. Malangizo ake anali akuti ayambe atsitsiramo nyale yoyaka: ikapitiriza kuyaka, munthu angathe kutsika, ikazima, akumbe mabowo ena m'mbali kuti mpweyawo utuluke. Akafika pa madzi, ankayala miyala m'mbali mwa dzenjelo popanda kumata, kuti asatseke misempha ya madzi. Puteal inali gawo lomaliza la ntchito yonseyi, ndipo ndi gawo lokhalo limene linkaoneka pamwamba pa nthaka.

Ma puteal ambiri anali obulungira ngati mgolo wopanda pansi, ngakhale analipo ena a ngodya zinayi. Anthu wamba ankagwiritsa ntchito a dongo lootcha kapena a mwala wopezeka m'dera lawolo. Olemera ankagula a mwala woyera wosalala wa mabo, osemedwa kuchokera ku chimwala chimodzi. Pamwamba ankavundikirapo chivindikiro cha mwala, cha thabwa kapena cha chitsulo. Madzi ankatunga ndi ndowa yomangirira ku chingwe, ndipo chifukwa chokoka chingwecho tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, m'mphepete mwa mkati mwa ma puteal ambiri muli timizere takuya todyeka. Akatswiri ofukula zinthu zakale amayang'ana timizere timeneti pofuna kudziwa ngati mwala umene apeza unagwiradi ntchito pachitsime kapena unali wongokongoletsera.

Zitsanzo zambiri zili ku Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius mu 79 AD. M'nyumba zambiri za kumeneko, chipinda chachikulu cholandiriramo alendo, chotchedwa atrium, chinali ndi denga lobooka pakati. Madzi a mvula ankatsetsereka padengapo n'kugwera m'kadziwe kosaya ka pansi, kotchedwa impluvium, kenaka n'kulowa m'nkhokwe ya madzi yokumbidwa pansi pa nyumba. Pakamwa pa nkhokweyo, m'mbali mwa kadziweko kapena m'munda wa kuseri, ndi pamene pankakhala puteal. Dzenje lakuya linali m'kati mwenimweni mwa nyumba, pamene ana ankasewera, ndipo chimene chinkawalekanitsa nalo chinali kakhoma kameneka.

Puteal ndi denga la chitsime

Puteal payokha inalibe denga. Pamene eni chitsime ankafuna mthunzi kapena malo opachikapo kagudumu kokokera chingwe, ankaimika nsanamira m'mbali mwake n'kupingasa mtanda pamwamba, ndipo nthawi zina ankafolera. Chitsanzo chodziwika chili ku Pompeii komweko, pabwalo lotchedwa Triangular Forum, kutsogolo kwa kachisi wakale. Pamenepo pali chitsime chakuya chimene chinazunguliridwa ndi kanyumba kobulungira ka nsanamira zamwala. Mawu olembedwa m'chinenero cha Oscan, chimene anthu a mzindawu ankalankhula Aroma asanaulande, amasonyeza kuti anakamangitsa ndi mkulu wina wa mzindawo dzina lake Numerius Trebius. Kanyumba kotere akatswiri amakatchula ndi liwu la Chigiriki lakuti tholos, ndipo puteal ndi mwala wa pakati pake.

Chitsime chinalinso ndi tsiku lake la chikondwerero. Pa 13 October chaka chilichonse Aroma ankachita mwambo wa Fontinalia polemekeza mulungu wa akasupe. Varro, wolemba wa m'zaka 100 zomalizira za BC, anafotokoza kuti pa tsikuli anthu ankaponya nkhata za maluwa mu akasupe ndi kuveka nkhata zina pa zitsime. Nkhata za maluwa ndi za masamba zimapezeka kawirikawiri pa zosema za pa ma puteal.

Pamene pagwa mphezi

Kwa Aroma mphezi sinali ngozi wamba. Ankakhulupirira kuti ndi uthenga wochokera kwa Jupiter, mkulu wa milungu yawo, ndipo malo amene yagwapo ankasanduka a mulunguyo. Mwambo wosamalira malo otere anautengera kwa anthu a mtundu wa Etruscan, amene anali ndi akatswiri omasulira zizindikiro otchedwa haruspices. Wansembe ankatolera zonse zimene mphezi yawaula kapena kuswa, monga miyala, matabwa ndi mapale a denga, n'kuzikwirira pamalo pomwepo. Mwambowu unkatchedwa kuika mphezi m'manda, ndipo ku Roma, ku Ostia ndi kwina kwapezeka miyala yolembedwa mawu onga akuti fulgur conditum, kutanthauza mphezi yokwiriridwa.

Akakwirira, ankapereka nsembe ya nkhosa imene yangotulutsa mano awiri aakulu akutsogolo, msinkhu umene oweta amauzindikira pongoitsegula pakamwa. Nkhosa yotere m'Chilatini ndi bidens, kutanthauza ya mano awiri, ndipo anthu akale ankati dzina la malowo, bidental, linachokera pamenepo. Pomaliza ankazinga malowo ndi kakhoma. Popeza kakhomako kankafanana ndi ka pachitsime, nako ankakatcha puteal.

Malamulo a malo otere anali awiri. Loyamba, munthu sankaloledwa kupondapo kapena kusuntha miyala yake. Wochita zimenezo ankaonedwa kuti wachita chonyansa pamaso pa milungu. Lachiwiri, pamwamba pake sipankayenera kufoleredwa, kuti malowo aziyang'anabe kumwamba kumene motowo unachokera. Apa puteal inagwira ntchito yofanana ndi ya pakhomo, koma chimene inkatchinjiriza chinasintha. Pachitsime inkateteza munthu ku dzenje ndi madzi ku litsiro. Pa bidental inkateteza munthu ku mkwiyo wa mulungu, ndi malo a mulungu ku mapazi a anthu.

Puteal Libonis ndi nkhani ya ngongole

Puteal yotchuka kuposa zonse inali pa Forum Romanum, bwalo limene linali likulu la malonda, ndale ndi milandu mu Roma. Inkatchedwa Puteal Libonis kapena Puteal Scribonianum, potengera dzina la munthu wa banja la Scribonius Libo amene anapatsidwa udindo wosamalira malo ogwidwa ndi mphezi. Inali chakum'mawa kwa bwaloli, kufupi ndi chipata cha chikumbutso chotchedwa Fornix Fabianus.

Maonekedwe ake amadziwika chifukwa cha ndalama yasiliva, ya mtundu wa denarius, imene Lucius Scribonius Libo anasulitsa cha m'ma 62 BC ponyadira ntchito ya banja lake. Mbali ina ya ndalamayi kuli nkhope ya Bonus Eventus, mulungu wa zotsatira zabwino. Mbali inayo kuli puteal yooneka ngati guwa la nsembe, yokongoletsedwa ndi nkhata ndi azeze awiri. M'munsi mwake muli chida cha wosula zitsulo, ndipo chidacho chimasiyana pa ndalama zosiyanasiyana: pena nyundo, pena mbaniro, pena chitsulo chosulirapo. Izi ndi zida za Vulcan, mulungu wa chipala, amene m'nthano za Aroma ankasula mphezi za Jupiter. Munthu wogwira ndalamayi ankazindikira msanga kuti chojambulidwacho ndi manda a mphezi, osati chitsime chotungapo madzi.

Pafupi ndi puteal imeneyi panali nsanja ya praetor, woweruza milandu ya pakati pa nzika, ndipo yambiri mwa milanduyo inali ya ngongole. Obwereketsa ndalama, mboni ndi anthu oimira anzawo pa milandu ankasonkhana pamenepo. M'kupita kwa nthawi, dzina la mwalawo linayamba kuimira zonse zochitika mozungulira. Munthu akati akupita ku Puteal, omva ankadziwa kuti ali ndi mlandu kapena ngongole, monga mmene dzina la msika kapena la mtengo wa pamphambano limafikira poimira ntchito imene imachitikira pamenepo.

Alembi a nthawi imeneyo anagwiritsa ntchito liwuli m'tanthauzo limeneli popanda kulifotokoza, umboni wakuti aliyense ankalidziwa. Mu 56 BC, poimira Sestius pamlandu, Cicero ananyoza Gabinius pomufotokoza ngati munthu amene Puteal ndi magulu a akatapira zinamusowetsa mtendere. Horace, podandaula za phokoso la mumzinda, anatchula uthenga womuitana kuti akaimire mnzake ku Puteal m'mamawa monga chimodzi mwa zinthu zimene zinkamuthawitsira kumunda wake wa kumudzi. Ovid, m'buku lake la Remedia Amoris, anaika Puteal pamodzi ndi tsiku loyamba la mwezi monga zinthu zimene wangongole amaziopa, chifukwa tsikulo, lotchedwa Kalendae, ndi limene chiwongoladzanja chinkalipidwa. Choncho liwu limene linayamba ngati dzina la chotetezera linafika pokhala dzina lochititsa mantha kwa aliyense amene anakongola ndalama.

Ma puteal ena a pabwalo la Roma

Pa Comitium, pamene nzika zinkasonkhana chakumpoto kwa bwaloli, panali puteal ina yokhudzana ndi nthano ya Attus Navius, wolosera wa m'nthawi ya mfumu Tarquinius Priscus. Nthanoyi imati mfumu, pofuna kumuyesa, inamufunsa ngati chimene inkaganiza mumtima chinali chotheka. Navius atavomera, mfumu inaulula kuti inkaganiza zodula mwala wonolera ndi lumo, ndipo mwalawo unadukadi. Cicero analemba kuti lumo ndi mwalawo zinakwiriridwa pa Comitium, ndipo pamwamba pake anaikapo puteal. Apa sipanagwe mphezi, koma zinthu zimene mphamvu ya milungu inazikhudza zinasungidwa mwa njira yomweyo.

Malo otchedwa Lacus Curtius, pakati pa bwaloli, ali ndi nthano zingapo zofotokoza chiyambi chake. Imodzi mwa izo, imene Varro anailemba, imati mphezi inagwapo mu 445 BC, ndipo Gaius Curtius, mmodzi wa atsogoleri awiri a chaka chimenecho, anazingapo mpanda molamulidwa ndi nyumba ya malamulo.

Panalinso puteal ya madzi enieni. Pafupi ndi kachisi wa Castor ndi Pollux pali kasupe wa Juturna, amene madzi ake ankagwiritsidwa ntchito pa miyambo ya chipembedzo. Pofukula malowa mu 1900, Giacomo Boni anapeza puteal ya mwala wa mabo yolembedwa dzina la Marcus Barbatius Pollio, mkulu woyang'anira zomangamanga za mumzinda amene anaipereka kwa Juturna.

Ma puteal osemedwa

Kwa anthu olemera puteal inalinso chinthu chodzionetsera. Mu 67 BC Cicero analembera bwenzi lake Atticus, amene ankakhala ku Athens, kumupempha kuti amupezere ma puteal awiri osemedwa zithunzi oti akaike kunyumba yake ya ku Tusculum. Amisiri a ku Greece ankasema miyala yotere mochuluka n'kumaitumiza ku Italy pa zombo, ndipo nthawi zambiri ankatengera zithunzi za zosema zakale zotchuka.

Chifukwa cha kutengerako, ma puteal ena ndi ofunika kwambiri kwa ofufuza mbiri ya luso. Ku Museo Arqueológico Nacional mumzinda wa Madrid kuli puteal yosonyeza kubadwa kwa mulungu wamkazi Athena: Zeus wakhala pampando, Athena waima patsogolo pake, ndipo chapafupi pali milungu itatu yaikazi yogawa tsogolo la anthu. Nkhani yomweyi inasemedwa pamwamba pa khomo la kum'mawa la kachisi wa Parthenon ku Athens, koma zosema za pakati pake zinatayika kalekale. Akatswiri ambiri akhala akugwiritsa ntchito mwala wa ku Madrid poyesa kulingalira mmene gawo lotayikalo linkaonekera.

Ina ndi Guilford Puteal, yosemedwa milungu ndi ngwazi zikuyenda mondondozana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 alendo a ku Ulaya anaipeza ku Corinth ikugwira ntchito pakamwa pa chitsime. Frederick North, amene pambuyo pake anakhala Earl of Guilford, anaigula n'kuitumiza ku England. Inasowa kwa zaka zoposa 100, kenaka inapezeka ku Bretton Hall m'chigawo cha Yorkshire, ndipo British Museum inaigula. Miyala ina yotere inapulumuka chifukwa anthu a m'mibadwo yotsatira anaisandutsa mabeseni obatiziramo m'matchalitchi kapena miphika yodzalamo maluwa.

Ku Venice

Mzinda umene unasunga mwambo wa puteal mwamphamvu ufumu wa Roma utatha ndi Venice. Mzindawu unamangidwa pa zilumba za m'madzi amchere, choncho kukumba pansi sikukanapereka madzi akumwa. Anthu ake anapeza njira ina. Pabwalo lililonse ankakumba dzenje lalikulu, kulimata ndi dongo kuti madzi amchere asalowe, n'kulidzaza mchenga. Pakati ankamanga chitsime cha njerwa. Pansi pa bwalolo ankapendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula azilowa m'mabowo a miyala, kusefeka mumchenga, n'kukathera m'chitsimecho. Pa nthawi ya chilala ankabweretsa madzi pa mabwato kuchokera ku mtsinje wa Brenta n'kuwathira mumchenga womwewo.

Mwala wa pakamwa pa zitsimezi anthu a ku Venice amautcha vera da pozzo, ndipo m'mabuku a Chitaliyana umatchedwanso puteale. Yambiri inasemedwa ndi mwala woyera wochokera ku Istria, ndipo ina ili ndi zizindikiro za mabanja amene anaipereka. Pabwalo la m'kati mwa nyumba yachifumu ya Doge muli awiri amkuwa opangidwa m'zaka za m'ma 1550. Popeza madzi anali ochepa, zitsime za anthu onse zinali ndi zivindikiro zokhoma, ndipo zinkatsegulidwa pa nthawi zoikika belu likalira. Kalembera wa 1858 anapeza zitsime zoposa 6,000 mumzindawu. Madzi a m'mipope atafika mu 1884, zitsimezi zinasiya kugwira ntchito ndipo zinatsekedwa. Miyala yambiri inagulitsidwa kwa anthu akunja okonda zinthu zakale, koma mazana angapo idakali m'mabwalo a mzindawu.

Liwuli masiku ano

Lero puteal si liwu la tsiku ndi tsiku m'chinenero chilichonse. Limapezeka m'mabuku a akatswiri ofukula zakale, m'makatalogi a nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndi pakati pa osonkhanitsa ndalama za Aroma, amene amadziwa bwino denarius ya Libo. M'mabuku amenewa limatanthauza mwala wa pakamwa pa chitsime kapena pa nkhokwe ya madzi. Tanthauzo la mphezi limatchulidwa pokamba za chipembedzo cha Aroma, ndipo la ngongole limapezeka m'mawu ofotokozera ndakatulo za Horace ndi Ovid.

Chinthu chenichenicho sichinathe ntchito. Pa malangizo a zaumoyo okhudza zitsime zokumba pamanja, chitsime chimawerengedwa kuti n'chotetezedwa ngati chili ndi kakhoma kokwera pamwamba pa nthaka, chivindikiro, ndi simenti yotsetsereka yochotsa madzi otayika kuti asabwerere m'dzenje. Kakhoma ka njerwa ndi simenti kameneka kamagwira ntchito ziwiri zomwe puteal ya dongo inkagwira m'nyumba za ku Pompeii: kuletsa mwana kugweramo ndi kuletsa litsiro kulowa m'madzi.